Ankaseka Chiyani Anthu Oonera Banja la Al Bundy?

Pa 5 April 1987 wailesi yakanema ya Fox ku America, yomwe idali isanathe n'chaka chomwe chiyambireni, idaonetsa gawo loyamba la sewero la nthabwala lotchedwa Married... with Children. Lidakhala pa kanema mpaka 1997, ndipo magawo ake adapitirira 250. Mphoto ya Emmy, yomwe a zakanema kumeneko amailemekeza kuposa zonse, silidalandireko ngakhale imodzi, koma mkangano womwe lidabutsa sudazirale mpaka lero. Ena amati ndilo lidalimba mtima kunena zoona za banja losowa. Ena amati ndi dzala la zolaula ndi zonyoza amayi. Onsewa adaonera sewero limodzi lomwelo, ndiye kusiyanaku kukuchokera pati?

Kodi seweroli linkakamba za chiyani?

Za banja la a Bundy, lokhala kunja pang'ono kwa mzinda wa Chicago. Mwini khomo, Al Bundy, amagulitsa nsapato za amayi m'sitolo, ntchito yomwe amadana nayo ndi mtima wonse, malipiro ake ongogulira mchere. Chonyadira chake m'moyo n'chimodzi chokha: ali pasukulu ya sekondale ya Polk High adagoletsa kanayi pa mpikisano umodzi wa mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja. Nkhani imeneyi amaibwereza kwa aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Mkazi wake Peggy, wa tsitsi lofiira lotukumuka, saphika, sachapa, sasesa. Amaswera pa sofa kuonera kanema uku akudya chokoleti, ndipo ndalama ikangolowa m'thumba la mwamuna wake, iye waisolola kale. Mwana wawo wamkazi, Kelly, ndi chiphadzuwa koma m'kalasi mutu sugwira. Mlongo wake Bud nzeru ali nazo, koma atsikana samuponyera n'diso lomwe. Khomo loyandikana nawo kuli Marcy, wogwira ntchito kubanki, yemwe samwerana madzi ndi Al.

Gawo lililonse linkayamba ndi nyimbo ya Frank Sinatra yotamanda chikondi ndi ukwati, pomwe pa kanemapo pakuoneka Al ali khale pa sofa, nkhope ili ndwii, akugawa ndalama kwa ana, kwa mkazi, mpaka kwa galu wawo Buck. Khutu likumva china, diso likuona china. Ed O'Neill ndiye adali Al, Katey Sagal adali Peggy, Christina Applegate ndi David Faustino adali anawo, ndipo Amanda Bearse adali Marcy.

Amati lidali lotsanzira monyogodola. Linkatsanzira ndani?

M'zaka za m'ma 1980 kanema za ku America zidadzaza ndi mabanja opanda banga. Lotchuka kuposa onse lidali la m'sewero la The Cosby Show, lomwe lidayamba pa NBC mu 1984: bambo dokotala, mayi loya, ana asanu, nyumba yabwino ku Brooklyn. Mwana akalakwa, bambo ankamukhazika pansi n'kumulangiza mosekaseka, ndipo pomatha mphindi 30 aliyense waphunzirapo kanthu, onse akumbatirana. Masewero a Family Ties ndi Growing Pains ankadutsa njira yomweyo.

Michael G. Moye ndi Ron Leavitt, omwe adayambitsa sewero la a Bundy, adali atalembapo kale masewero a nthabwala za pabanja, ndipo adatopa ndi kutsekemera kwake. Ngakhale dzina loyembekezera lomwe ankalitchula nalo akulikonza lidali longonena kuti awa si a Cosby. Adatenga zonse zomwe woonera adazolowera n'kuziika chadodolido. Sofa pakati pa balaza ilipo, masitepe okwerera kuchipinda alipo, chitseko chomwe bambo amalowera poweruka kuntchito chilipo. Koma bamboyo akalowa palibe womulandira. Akafunsa chakudya, m'firiji muli pululu. Mwana akabwera ndi vuto, malangizo a bambo amangolikulitsa. Pakutha pa gawo palibe waphunzirapo kanthu, ndipo Al wabwerera pomwe adali, mwinanso pansi pake.

Apa tisapupulume kunena kuti ankanyoza banja la anthu akuda. Moye mwiniwake ndi wakuda, ndipo The Cosby Show idachita chinthu chachikulu poonetsa dziko la America banja la anthu akuda ophunzira ndi olemekezeka, zomwe kanema inkachita mwa apo ndi apo. Chomwe awiriwa ankalimbana nacho ndi bodza lakuti vuto lililonse la m'nyumba limatha ndi kukambirana kwa mphindi zisanu, ndiponso lakuti ndalama si nkhani. Fox nayo idali ndi chifukwa chake chololera zimenezi. Inkapikisana ndi zimphona zitatu, ABC, CBS ndi NBC, ndipo ikadabwera ndi zofanana nazo palibe akadaicheukira.

Nthabwala zake amati n'zowawa. Zowawa motani?

Zinkaseka zinthu zomwe anthu amalira nazo: njala, umphawi, imfa, ukwati wozizira. Ana a Bundy amapaka mankhwala otsukira mano pa buledi n'kudya, kapena kukutumula makina owotchera buledi kuti atole nyenyeswa. Al kulakalaka kuti imfa ingomutenga n'kwa tsiku ndi tsiku.

Magawo awiri a pa Khirisimasi ndiwo amaonetsa bwino mtima wa seweroli. M'gawo la mu December 1987, munthu wovala ngati Father Christmas adumpha m'ndege kuti akatere pamalo a masitolo pokopa ogula. Parachuti ikana kutseguka, iye agwera kuseri kwa nyumba ya a Bundy n'kufera pomwepo. Marcy asokonezeka nazo mutu, koma eni nyumba sizikuwakhudza n'pang'ono pomwe. Mu 1989 adatsanzira filimu ya mu 1946 yomwe anthu a ku America amaikonda pa Khirisimasi, It's a Wonderful Life, momwe mngelo amaonetsa munthu wotaya mtima mmene mudzi wake ukadaipira iye akadapanda kubadwa. Kwa Al, mngelo, yemwe adali katswiri wa nthabwala wolankhula mokuwa uja Sam Kinison, amuonetsa zosiyana. Popanda iye, Peggy ndi mayi wakhama wophika bwino, wokwatiwa ndi bambo wina wabwino, ana ndi aulemu, nyumba ili pamtendere. Al alephera kupirira kuwaona akukondwa chotero, ndipo apempha kuti abwezedwe akazunzike nawo limodzi. Munthu umaseka, kenako kachisoni kamakugwira, chifukwa pansi pa nkhanzayo pali bambo yemwe sangakhale popanda banja lake koma alibe mawu ena onenera zimenezo.

Kuseka pa imfa si chachilendo kwa ife. Adzukulu kumanda amagwetsana ndi nthabwala, mpaka kunyogodola malemu amene, ndipo anamfedwa sakwiya. Koma ufulu umenewo ali nawo chifukwa ndiwo agwira khasu kuyambira m'bandakucha, ndipo mawa maliro akagwa kwawo ena adzawachitira chimodzimodzi. Munthu wongodutsa panjira atayerekeza kunena mawu omwewo, ndi mlandu. Funso lalikulu pa sewero la a Bundy n'lomwelo: kodi wosekayo akusekera m'kati mwa vutolo, kapena waima kunja akuloza chala?

Amene ankalikonda ankakondamo chiyani?

Kudzipezamo. Munthu yemwe amaima tsiku lonse pantchito yosamupindulira, malipiro n'kutha mwezi usanafike pakati, galimoto yake n'kukhala yakutha ngati Dodge ya Al, sankadziona mwa Dokotala Huxtable wa m'sewero la Cosby. Mwa Al ankadziona. Ena ankati akaonera a Bundy, banja lawo lomwe linkaoneka labwinoko, ndipo ankagona mtima uli m'malo.

Okonda seweroli amaumiriranso kuti pansi pa matukwanowo pali kukhulupirika. A Bundy amalalatirana usana ndi usiku, koma wakunja akangoputa mmodzi, onse anayi amaima pamodzi, nthawi zina ndi zibakera zenizeni. Al amadandaula za Peggy m'gawo lililonse, maso amathera pa akazi ena, koma samusiya ndipo sachita chibwenzi chamseri. Mnyamata wobwera kudzatenga Kelly amatulutsidwa mutu utagunditsidwa kaye pachitseko.

Padalinso amayi omwe ankamukonda Peggy. Patatha zaka zambiri mayi wa pa kanema ali ndi epuloni kukhitchini, apa padatulukira mkazi wokana poyera, wosapepesa, yemwenso pa za kuchipinda ndiye wofuna pomwe mwamuna akuzemba ndi zifukwa. Ankati nthabwala zakuthwa kwambiri m'seweroli zimachoka pakamwa pa Peggy kupita kwa Al, ndipo pamenepa sankanama.

Eni kanema adaona kuti msika ulipo. Mu 1988 ABC idabweretsa Roseanne, sewero la banja la anthu ogwira ntchito zolemetsa. Mu December 1989 The Simpsons idayamba ngati sewero lapalokha pa Fox pomwepo. Pofika 1992 Pulezidenti George H. W. Bush adachita kunena pamsonkhano kuti akufuna mabanja a ku America afanane ndi a Walton, banja lopemphera lakumudzi la m'sewero lakale, osati a Simpson.

Nanga odana nalo ankati chiyani?

Dzina lomwe limatchulidwa nthawi zonse ndi la mayi Terry Rakolta, a ku Bloomfield Hills, dera la anthu opeza bwino kufupi ndi Detroit m'chigawo cha Michigan. Lamulungu lina madzulo mu January 1989 adakhala ndi ana awo kuonera kanema, nthawi ili cha m'ma 8:30. Gawo la tsikulo lidali Her Cups Runneth Over. Kamisolo yomwe Peggy amaikonda yasiya kupangidwa, ndiye Al ndi mnansi wake Steve, mwamuna woyamba wa Marcy, ayenda mtunda wautali kukaifuna kusitolo ya zovala zam'kati. M'sitolomo muli bambo wachikulire wovala zam'kati za akazi, komanso mtsikana yemwe avula kamisolo pamaso pa Al. Mayi Rakolta adakhumudwa kuti zoterezi zikuonetsedwa ana asanagone.

Chomwe adachita chidaonetsa kuti ankadziwa pomwe pali mpeni. Kanema ngati Fox woonera salipira kanthu. Wolipira ndi kampani yotsatsa malonda pakati pa sewero. Ndiye mayiwa adalemba makalata kwa makampaniwo, kuwafunsa ngati akudziwa zomwe ndalama zawo zikuthandiza kuulutsa. Makampani akuluakulu ngati Coca-Cola, Procter & Gamble, McDonald's ndi Kimberly-Clark adatekeseka; ena adachotsa malonda awo, ena adati ayamba kuunika gawo lililonse asanalipire. Kumayambiriro kwa March 1989 nkhaniyi idatuluka patsamba loyamba la New York Times, mayiwa adaitanidwa pa pulogalamu ya Nightline, ndipo kenako adayambitsa bungwe lotchedwa Americans for Responsible Television.

Sadali okha. Atsogoleri ena achipembedzo ndi makolo ambiri ankati seweroli likuphunzitsa ana kuyankha makolo mwamwano ndi kuona ukwati ngati ndende. Olemba ndemanga m'manyuzipepala ena ankalinyoza kuti ndi nthabwala zakuchimbudzi, ndipo kunena zoona Al ankaonekadi kawirikawiri akukwera masitepe nyuzipepala ili kukhwapa, aliyense akudziwa komwe akupita.

Kodi dandaulolo lidaphula kanthu?

Pang'ono. Fox idasuntha seweroli kuchoka 8:30 kupita 9 koloko usiku. Chaka chomwecho idakananso kuonetsa gawo lotchedwa I'll See You in Court, momwe Al ndi Peggy atulukira kuti malo ogona alendo adawajambula mobisa ali kuchipinda n'kukawasumira kukhoti. Gawo limeneli anthu a ku America adadzalionera mu 2002 pa kanema ya FX.

Koma chachikulu chidayenda mosiyana ndi zomwe odandaula ankafuna. Anthu ambiri omwe sankadziwa n'komwe kuti kuli Fox adafuna kudzionera okha chomwe chautsa mapiri pachigwa. Oonera adachuluka, otsatsa malonda adabwerera, ndipo seweroli lidakhalanso zaka zina zisanu ndi zitatu.

Ndiye kuti mayi Rakolta adalakwitsa?

Pa nkhani ya nthawi, ayi. Kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa chifukwa chake zolaula zikulowa m'nyumba mwake ana ali maso, ndipo kulembera kalata kampani si kutseka munthu pakamwa. Si boma lidaletsa, ndi woonera adalankhula. Omwe ankawaseka mayiwa ponena kuti akadangosintha tchanelo amaiwala kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu waona kale pomwe dzanja likufika pa batani.

Pomwe ndimasiyana nawo m'pakuti dandaulo lawo lidaloza bala laling'ono n'kusiya lalikulu. Kamisolo sivulaza munthu. Chomwe chimavulaza m'seweroli ndi chizolowezi china chomwe chidakhazikika chaka ndi chaka. Al amalowa m'nyumba n'kuyamba kufotokoza za mayi wonenepa yemwe wabwera kusitolo lero. Kapena timamuona m'sitolomo atagwada, akukakamiza nsapato yaing'ono paphazi la mayi wotero, n'kumuyerekeza ndi nyama zikuluzikulu mayiyo ali pomwepo. Mayiyo alibe dzina, alibe mbiri, sadzabweranso m'gawo lotsatira. Wabwera kuti thupi lake lisekedwe basi. Marcy naye amanyozedwa thupi kosalekeza, kumutcha nkhuku chifukwa cha miyendo ndi chifuwa chake. Nthabwala ya Al yodandaula za malipiro imalasa wolemera ndi bodza la pa kanema. Nthabwala ya mayi wonenepa imalasa munthu yemwe kunja kuno akulasidwa kale m'basi ndi kuntchito. Ziwirizi zili m'sewero limodzi, nthawi zina mphindi imodzi, ndipo wozisakaniza, kaya poteteza seweroli kaya polidzudzula, sakulilungamitsa.

N'zoyenera kudziwanso kuti gawo lomwe lidakwiyitsa mayi Rakolta lidalembedwa ndi amayi awiri, Marcy Vosburgh ndi Sandy Sprung. Nkhaniyi sidali yongoti amuna mbali iyi, akazi mbali iyo.

Kodi onse oseka ankaseka chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa m'pomwe pagona nkhani. Funsoli lidafufuzidwapo a Bundy asanaganiziridwe n'komwe. Mu 1971 CBS idayamba kuonetsa All in the Family, sewero la Norman Lear lomwe mwini khomo wake, Archie Bunker, ndi bambo watsankho, wonyoza anthu akuda, Ayuda ndi aliyense wosafanana naye. Cholinga cha Lear chidali chakuti anthu aseke tsankholo mpaka lichite manyazi. Mu 1974 akatswiri awiri a zamaganizo, Neil Vidmar ndi Milton Rokeach, adasindikiza zomwe adapeza atafunsa achinyamata a ku America ndi akuluakulu a ku Canada. Oonera a mbali zonse ankati seweroli n'loseketsa. Koma omwe adali kale ndi mtima watsankho ankakonda kumusirira Archie, n'kumaona kuti akunena zanzeru ndipo ndiye amapambana mkangano, pomwe anzawo ankaona chitsiru chikuyaluka. Ku Britain zidachitikanso ndi Alf Garnett wa m'sewero la Till Death Us Do Part, lomwe Lear adatengerako lake. Wolemba wake, Johnny Speight, ankafuna kunyoza tsankho, koma ena mwa oonera adamutenga Alf ngati wowalankhulira.

Kwa a Bundy umboni uli m'makutu. Seweroli linkajambulidwa pamaso pa anthu mu situdiyo, choncho phokoso lawo limamveka. M'zaka zoyamba mumamva kuseka wamba: Al wanena chopusa, anthu amuseka. M'zaka zapambuyo pake, Al akangotsegula chitseko, asananene kanthu, kukuwa ndi kuwomba m'manja kumabuka mpaka Ed O'Neill amachita kuima kudikira kuti kuzirale. Kelly akatsika masitepe ndi kadiresi kothina, malikhweru okhaokha. Al akamulalatira mayi wonenepa, anthu amachemerera ngati timu yawo yagoletsa. Munthu yemwe adalembedwa ngati wolephera womvetsa chisoni adasanduka ngwazi ya gulu lina la oonera.

Alembi nawo ali ndi makutu. Chomwe chabweretsa phokoso sabata ino, sabata yamawa amachiwonjezera. Mu 1993 Al adayambitsa kagulu ka amuna kotchedwa NO MA'AM, kolimbana ndi zomwe ankati ulamuliro wa akazi. M'nkhanimo amuna amenewa ndi amantha, amasonkhana mobisa kumwa mowa, ndipo akazi awo akangotulukira amazizira nkhongono. Koma malaya olembedwa dzina la kaguluko akugulitsidwabe mpaka lero, ndipo si onse owavala amene akudziseka okha.

Palinso china chomwe ndimaona kuti sichitchulidwa mokwanira. The Cosby Show idatha mu 1992. Kuchokera pamenepo a Bundy adapitiriza zaka zina zisanu chomwe ankatsanzira chija chitachoka, kanema itadzaza kale ndi mabanja olongolola ngati iwo. Chandamale chitasowa, mivi idayamba kugwera aliyense yemwe adali pafupi, ndipo pafupi kwambiri padali amayi.

Ochita seweroli akuti chiyani lero?

Amayi atatu akuluakulu a m'seweroli alankhulapo, ndipo mawu awo ndi olemera chifukwa palibe angati sadalimvetse. Katey Sagal adanena mu 2017 kuti seweroli lidali lonyoza akazi ndipo linkawaonetsa ngati zinthu zongogwiritsa ntchito. Amanda Bearse, yemwe kuwonjezera pa kusewera Marcy adatsogoleranso kujambula magawo ambiri, adanenanso zofanana mu 2018. Christina Applegate adali ndi zaka 15 pomwe gawo loyamba linkaonetsedwa. Mu 2024 adafotokoza poyera kuti m'zaka zimenezo ankadzimana chakudya mpaka kudwala pofuna kuti thupi lake lioneke lowonda. Ndikamva malikhweru a mu situdiyo aja lero, ndimakumbukira msinkhu umenewo, ndipo kuseka kumandithera.

Palibe mwa iwo adati ntchito yonseyo idali yachabe. Sagal ndi O'Neill amaoneka limodzi mwachikondi akakumana, ndipo O'Neill adadzakhalanso bambo wa pa kanema m'sewero la Modern Family kuyambira 2009 mpaka 2020, bambo wolemera ndi wofatsirapo. Munthu angathe kunyadira ntchito yake n'kuvomerezanso kuti m'kati mwake mudali zoipa.

Kodi kunja kwa America anthu adalilandira bwanji?

Modabwitsa. Ku Germany, komwe RTL idayamba kulionetsa m'Chijeremani mu 1992, Al Bundy adatchuka kwambiri. Ku Russia kanema ya TNT idapanga lakelake kuyambira 2006, Schastlivy vmeste, nkhani n'kuisamutsira mumzinda wa Yekaterinburg, ndipo Al wa kumeneko, Gena Bukin, adachita kumuimikira chiboliboli mumzindamo. Ku Argentina, Casados con hijos idayamba pa Telefe mu 2005 ndi Guillermo Francella ndi Florencia Peña, idabwerezedwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 2023 ochita ake adalisewera pamaso pa anthu m'holo ya Gran Rex ku Buenos Aires. Ku Britain zidakanika: Married for Life ya Russ Abbot mu 1996 idathera pa magawo asanu ndi awiri.

Woonera wa ku Yekaterinburg sadali ndi mkangano uliwonse ndi a Cosby. Chomwe chidawoloka nyanja ndi bambo wotopa wogulitsa nsapato, yemwe ulemerero wake udatsala kusukulu. Ameneyu amapezeka paliponse pomwe malonjezo a moyo wabwino adafika koma moyo wabwinowo osafika. Za ku Britain, maganizo anga ndi akuti iwo adali kale ndi mabanja olalatirana pa kanema kuyambira m'ma 1960, a Steptoe ndi a Garnett, ndiye padalibe chachilendo choti awagulitse.

Kodi pali pomwe oonera amati apa pokha ayi?

Palipo. Pa 30 September 1990 kanema ya Galaxy ku Britain idaonetsa Heil Honey I'm Home!, sewero lotsanzira masewero a pabanja a ku America a m'ma 1950, koma mwamuna ndi mkazi wake m'nyumbamo ndi Adolf Hitler ndi Eva Braun, ndipo anansi awo ndi banja lachiyuda. Wolemba wake, Geoff Atkinson, ankafuna kunyogodola masewero omwe amasandutsa chilichonse kukhala kankhani kotsekemera ka pabalaza. Ayuda ambiri ndi anthu ena adakhumudwa kwambiri, ndipo lidathera pa gawo limodzi lomwelo. Sikuti Hitler sasekedwa. Mel Brooks, Myuda, adamuseka m'filimu ya The Producers mu 1967 ndipo anthu adaikonda. Koma cholinga cha wolemba chili m'mutu mwake, pomwe woonera amaona zomwe zili pa galasi: wakupha anthu mamiliyoni ali bambo woseketsa wokangana ndi anansi omwe mtundu wawo adaupulula. Kunena kuti tikungotsanzira sikudakwanire kuphimba zimenezo.

Nanga wofuna kuonera a Bundy lero atani?

Ayambe ndi zaka zoyambirira, Steve akadali mwamuna wa Marcy. David Garrison, yemwe ankasewera Steve, adachoka mu 1990. M'magawo amenewo Steve ndi Marcy ndi banja latsopano lokhulupirira zonse zomwe kanema imanena za ukwati, ndipo a Bundy akuwasukulutsa pang'onopang'ono. Chotsanziridwa chili m'chipinda momwemo, ndiye nthabwala zimadziwa kolowera. Kenako aonere gawo limodzi la cha m'ma 1995, atchere khutu osati kwa Al koma kwa anthu a mu situdiyo, aone pomwe akukuwa kwambiri.

Ana aang'ono ayi. Mwana sadziwa masewero omwe akunyogodoledwa, choncho sangamve kuti pali kutsanzira. Chomwe angatolepo n'chakuti mayi wonenepa ndi choseketsa ndipo mtsikana wokongola safunika nzeru. Ndi wachinyamata wamkulu mungathe kuonera limodzi, ndipo gawo likatha mumufunse kuti Al walakwiridwa ndi ndani m'moyo wake, kenako mumufunse kuti mayi wa m'sitolo uja adalakwa chiyani. Funso loyamba lili ndi mayankho ambiri, ndipo mukambirana mpaka usiku. Lachiwirilo, m'magawo ambiri yankho n'lakuti mayiyo adangolowa kudzagula nsapato.